Kapuchi wa mu Mpanda wa Bafa

Amwene, usiku wathawu ndinalota zoti mpaka pano mtima ukugundabe.

Ndatsika minibasi. Mdima bii. Malo osawadziwa. Ndiye ndikuona munda wa azakhali anga a Nachisale, uja anandisiyira popita kuchipatala. Koma uli m'kati mwa polisi. Chimanga chonse chagona pabenchi, chikubuula.

Phesi lina landigwira mwendo. "Wachedwa, mwana wa m'tauni. Ife tikatha, azakhali ako adzadya chiyani?"

Mwadzidzidzi alangizi a zaulimi, a Mkwapatira, atulukira. Akutsegula fayilo, nthenga zikumera. Asanduka nkhanga, tayi ili m'khosi.

"Achimwene, lozani mbala. Mukaphonya, munda wapita."

Pakhoma pafola agulugufe asanu. Ine n'kuloza wamkulu, wachikasu, wotchena ngati wa ku ukwati.

"Mayo ine!" chimanga chonse chalira.

Nkhanga yandijompha pabondo. "Ameneyo amayenda masana, amamwa za m'maluwa. Munaona mbala itatchena?"

Ndiye phesi lija latsegula pamimba ngati chitseko. M'katimo mphako, utuchi, ndi mbozi ikudya osatipatsa n'moni womwe.

"Kapuchi ndi ameneyu," likutero phesi. "Anayamba ndi masamba anga, timabowo tondondozana. Kenako anandilowa mumtima. Amake ndi awo."

Kumapeto kwa mzere wa agulugufe aja, kanthu kochepa ngati chikhadabo. Kotuwa ngati phesi louma. Mapiko kapinda pamsana ngati denga. Nkhanga ikuwerenga mlandu: kamauluka usiku wokha, kamabisa mazira pamene tsamba lakumbatira phesi.

Ndakakalipira. "Iwe, chilimwe chonse unabisala kuti?"

Kagwada. Kawomba m'manja. "Kwanu komwe, alandilodi."

"Kwathu?"

"Eya. Mapesi aja azakhali anati mudyetse ziweto, inu munati ngokongola. Munamangira mpanda wa bafa, pafupi ndi munda. Tinali m'katimo, tikadali mbozi, mbumba yonse, kudikira mvula. Mukamasamba tinkakuonani."

"Munkandiona?"

"Mumaimba bwino, bwana. Koma kumsana simufikako."

Nkhanga yatseka fayilo, yatulutsa unyolo. Yakadutsa kanthu kaja. Ikubwera kwa ine. Miyendo yanga yauma, yasanduka mapesi, ndipo m'bondo ndikumva china chikutafuna. Khwasu. Khwasu.

Mwadzidzidzi ndadzidzimuka. Kunja kwacha. Khwasu, khwasu akumvekabe.

Kusuzumira pawindo, mbuzi ya aneba ikudya mpanda wa bafa.

Ndinatuluka, ndinatola mwala. Ndinauyang'ana. Ndinaubweza pansi, n'kupita kwa aneba kukabwereka mbuzi zinazo kuti zimalize mpanda wonse.