Kamera Imene Tinkaithawa ku Tilparra

A Clarrie Noske sankajambula chinthu chopuma. Ukwati ayi, khanda ayi, ngakhale nkhosa yopambana pachionetsero ayi. Iwo ankajambula nyumba zachisangalalo zimene zinafa kale, ndipo tonsefe ku Tilparra tinkawaopa kuposa moto wa m'munda wa tirigu.

Ankadzuka kum'mawa kusanayere bwino. Ankathira tiyi m'fulasiki, kukulunga buledi ndi soseji m'pepala, kenako n'kukhazika kamera yawo yachikale pampando wakutsogolo wa kagalimoto kawo kapikapu n'kuimanga lamba, pamalo pamene amuna anzawo amakhazika akazi awo. Dzuwa likamasuzumira kuseri kwa nkhokwe za tirigu, iwo ankakhala atafika kale, kaya kuholo yogumuka ya m'mbali mwa njanji, kaya kubwalo la tenisi kumene bulugamu anamera pakati penipeni. Akafika ankavula chipewa n'kugogoda pachitseko, ngakhale chitsekocho chitagona pansi.

"Odi kuno! Ndine Noske. Ndingajambuleko?"

Ndiye ankadikira yankho. Lata likalira ndi mphepo, kapena nkhunda ikauluka kudenga, ankati, "Zikomo kwambiri," n'kuchotsa kachivundikiro padiso la kamera. Kukakhala zii, ankamwa tiyi wawo n'kubwerera osajambula. Pali holo ina imene inawakana zaka ndi zaka, iwo osataya mtima, mpaka tsiku lina khoma linagwa iwo ali pomwepo. Anati yavomera ndi mtima wonse.

Ife kuno ndife a mpingo wa Lutheran, za malodza sitikhulupirira. Izi n'zofunika kuzinena poyamba, kumwamba kumve. Koma maso ali ndi chipembedzo chawochawo. Tsiku lina a Clarrie anaima kunja kwa mpanda wa bwalo la mpira, manja ali kumbuyo, kungoyang'ana. Chaka chomwecho timu inasowa anyamata, kalabu n'kutsekedwa. Anakacheza ndi mwini bwalo la kanema, lija tinkaonera tili m'magalimoto. Tirigu asanakololedwe, mwiniyo anagulitsa makina n'kusamukira kumzinda wa Adelaide. Ndiye anthu anayamba kufunsana chapansipansi: kodi amafika chifukwa nyumba yafa, kapena nyumba imafa chifukwa iwo afika? Woweta nkhosa aliyense amadziwa tanthauzo lake khwangwala akatera pampanda n'kumayang'anitsitsa nkhosa imene ikudyabe msipu. Dzina linawamata pomwepo.

"Iwe Khwangwala!" a Ossie Mickan, mlimi wa mawu ngati thirakitala, ankakuwa ali pakhonde la bala. "Kagalimoto kakoko katembenuze! Kasayang'ane kuno!"

"Ndangobwera kudzanyowetsa kukhosi, Ossie."

"Nyowetsa utafulatira. Bala ino ndi yomaliza, ikafa tizikamwera kuti? Kwa abusa?"

Ndipo a Clarrie, munthu wamtali, wowonda, wamanyazi ngati mkwatibwi, ankamwadi mowa wawo atayang'ana kukhoma.

Zithunzi zawo ankazipachika pawindo la butchala yotsekedwa, pamsewu waukulu, kuti aliyense aone ulere. Anthu ankawolokera tsidya lina. Mayi Merle Zadow okha, amene amasunga kiyi wa holo ya tauni yathu, ndiwo tsiku lina analimba mtima n'kuima. Mzukwa munalibe m'zithunzimo, ndipo bola ukanakhalamo. Munali mipando yondanda bwinobwino itayang'ana nsanja yopanda munthu, ngati ikudikira kuti wina ayambe. Munali chinsalu cha kanema chili mbee pakati pa thengo, chikuonetsa kumwamba basi. Ndipo munali dziwe lathu losambiramo, lija linauma: makwerero achitsulo akutsikira m'zitsamba, kuwala kwa m'mawa kutadzaza dziwelo mpaka pamlomo ngati madzi. Pamakwerero amenewo ndi pamene malemu amuna awo, a Lou, anawagwira dzanja koyamba. Anayang'ana, nayang'ananso, ndipo anamva ngati phokoso lonse la ana la masiku amenewo langozimitsidwa kumene, ndipo wozimitsayo akadali pomwepo kuseri kwa mpanda. Anabwerera kunyumba chothamanga, mkaka umene anatulukira osagula.

Lamlungu anakafunsa abusa.

"Mayi Zadow," anatero abusa Thiele, "kamera ndi galasi ndi chitsulo basi. Kuopa zimenezo ndi tchimo. Nyumba zikufa chifukwa mafamu akukula, mabanja akuchepa, ana akuthawira kumzinda."

"Ndamva, abusa. Ndiye ndiwauze kuti atha kukajambula kanyumba ka achinyamata kaja ka kuseri kwa tchalitchi?"

Abusa anatsokomola. "Aaa, musawavutitse bambo aja. Kumene kuja udzu ndi wautali. Njoka."

Chimene mayi Merle ankaopera chinali holo. Mpira unapita, kanema anapita, dziwe linauma. Chotsala chinali dansi ya Loweruka. Inkakhala masana, chifukwa ovina onse anali a imvi ndipo panalibe wofuna kugundana ndi nyama zolumpha zija, akangaru, pamsewu dzuwa litalowa. Amayi ankabwera ndi mbale ya makeke, abambo ankalipira pakhomo, mayi Dulcie Rohrlach n'kumaimba nyimbo pokoka kodiyoni mpaka mapewa kuwawa. M'mawa wa Loweruka lililonse mayi Merle ankapala kandulo, kusakaniza ndi utuchi, kuwaza pamatabwa apansi, n'kumakwekweza thumba la tirigu uku ndi uku mpaka pansipo paterere ngati therere. Thumba limenelo a Lou analikwekweza moyo wawo wonse. Holo ikanafa, a Lou akanafa kachiwiri.

Loweruka lina m'bandakucha, mayi Merle akutsegula mawindo, anaona kapikapu kaja tsidya la msewu. Kamera inali itaima kale pamiyendo yake itatu. A Clarrie anali akuwoloka msewu, chipewa chili kumanja.

Mayi Merle anathamanga. Anaima pakhomo natambasula epuloni ndi manja onse awiri, ngati nkhuku yobisa anapiye, poganiza kuti mwina angaphimbe holo yonse.

"Bwererani, a Clarrie! M'dzina la Ambuye, bwererani! Muli anthu muno!"

"Muli inu nokha, mayi Merle."

"Ndine munthu! Ndikupuma! Taonani, ndikupuma!"

"Kachivundikiro sindinachotse. Ndabwera kudzapempha. Ino ili ndi eni ake, lata silingandiyankhe."

Anazunguza chipewa m'manja, maso ali pansi.

"Inu mumati ndimapha nyumba. Ine sindipha, ndimangochedwa. Ndili mnyamata ndinkapalasa njinga kupita kudansi iliyonse m'dera lino, koma ndikafika pakhomo mtima unkandithawa. Ndinkaima kunja kwa windo, kumvera nyimbo, n'kubwerera. Maholo onsewa ndinalowamo koyamba denga litagwa." Anaseka pang'ono. "Kamera yanga sinaonepo munthu akuvina. Mundilole Loweruka limodzi, muli anthu, nyimbo ikulira. Chithunzi chimodzi chokha. Ndionekotu mmene zimakhalira munthu akafika nthawi yabwino."

Chisoni chinawagwira mayi Merle, koma mantha anali ndi thupi lalikulu kuposa chisoni, ndipo anakhalira mpando wonse.

"Ndikafunsa komiti," anatero.

"Ndidikira."

Komiti inakumana m'khitchini ya holo, zitseko zili zotseka.

"Tikamukana akwiya, atijambula chozembera," anatero a Ossie.

"Ameneyo sajambula asanaloledwe," anayankha mayi Dulcie. "Ngakhale chimbudzi chakugwa amachipempha."

"Tikamulola, tafa."

"Nanga titani, inu anzeru?"

A Ossie anaganiza mpaka tiyi kuzizira. "Tisamuyankhe. Munthu ameneyu amadikira. Nthawi yonse imene akudikira, holo ili moyo."

Onse anavomereza kuti nzeru zoterozo sizinamvekepo m'komitimo chiyambire. Pofuna kutsimikiza, a Ossie anaimika lole yawo ya tirigu kutsogolo kwa holo n'kuisiya pomwepo, moti ovina ankalowa chopendekera ngati akuba. Mayi Merle akakumana ndi a Clarrie kusitolo ankabisala kuseri kwa zitini za jamu, koma munthu wamtali amaona patali.

"Komiti yati bwanji, mayi Merle?"

"Ikukambiranabe."

"Inde, nkhani yake ndi yaikulu," ankavomereza mwaulemu.

Ndiye Loweruka lina, dansi ili pakati, chitseko chinatseguka, a Clarrie n'kulowa. Anavala suti yawo ya kumaliro, yokhayo imene anali nayo, tsitsi atalipaka mafuta. Kamera analibe. Analipira pakhomo ngati bambo, nanyamulanso mbale ya masikono ophika okha ngati mayi, poopa kulakwitsa mwambo. Mayi Merle anawaona akuyang'ana uku ndi uku ngati mlendo, ndipo anazindikira kuti aka n'koyamba munthuyu kuponda m'holo yamoyo.

Kodiyoni inayamba kusochera. Ovina ankazungulirabe, koma makosi onse atapotokera kukhomo. Thukuta linawatsika a Clarrie. Anapisa dzanja m'thumba la jekete.

"Akutulutsa kamera!" anakuwa a Ossie.

Pansi paja mayi Merle anali atapatereretsa bwino tsiku limenelo. Oyenda ndi ndodo anaiwala ndodo. A Ossie anatsetsereka chagada kuchokera pakati pa holo mpaka kunsi kwa tebulo la makeke. Mayi Dulcie anadziponya kuseri kwa piyano, kodiyoni ikufuula ngati nkhosa yokodwa pawaya. Agogo ena, amene dokotala anawaletsa ngakhale kuwerama, anakawapeza kusiteshoni ya sitima.

A Clarrie anatulutsa kampango kopukutira thukuta.

Anaima nako m'manja. M'holo munali zii. Mipando inali chindandire m'mbali mwa khoma, nsanja yopanda munthu, nsapato imodzi ya mayi itagona pakati, dzuwa likulowa pamawindo, fumbi la utuchi likuyandama m'kuwalako. Mayi Merle, amene anauma chiimire pakhomo la khitchini, anazindikira kuti chithunzi chimenechi anali atachionapo kale pawindo la butchala. Koma ichi sanachipange a Clarrie.

A Clarrie anayang'ana uku ndi uku.

"Ndachedwanso," anatero motsitsa.

Anaika mbale pampando, navala chipewa, n'kutuluka. Masikono awo palibe anawakhudza, kupatula mayi Merle amene anabisa limodzi m'thumba la epuloni. Linali lolimba ngati mwala wa m'munda, koma analidya lonse kunyumba, akuliviika mu tiyi.

Nyengo yometa nkhosa itayamba, wometa wina akulawirira kuntchito anawapeza a Clarrie kudziwe louma lija, atakhala pamakwerero, atatsamira chitsulo, chipewa chili pabondo. Tiyi m'fulasiki anali akadali wofunda. Dokotala anati mtima unangoima.

Mayi Merle atamva, Mulungu awakhululukire, chimene anayamba kuganiza sunali mzimu wa munthuyo. Anathamangira kudziwe. Kamera inali chiimire pamiyendo yake, wapolisi asanaichotse, ndipo sinayang'ane dziwe ayi. Ukaima pamenepo n'kupenya pakati pa mitengo ya bulugamu, holo imaoneka cham'mbali, kumene lole ya a Ossie sinkaphimba: khonde, mawindo, ndi kachitseko kamene iwo ankatulutsirapo utuchi Loweruka lililonse. Mayi Merle anazungulira pang'onopang'ono kuti aone kutsogolo kwa kamerayo.

Kachivundikiro kanali pompo, padiso la kamera.

A Clarrie tinawaika m'manda a mpingo. Anthu anabwera ochuluka, ndipo a Ossie analira mokweza kuposa onse, kenako anakachotsa lole yawo osauzidwa ndi munthu. Tinkaganiza kuti mantha taika limodzi nawo. Ayi ndithu. Mayi Dulcie anasamukira kwa mwana wawo ku Adelaide, pano timavina ndi kaseti. Ovina akunka nachepa, ena kuchipatala, ena kumanda, ndipo Khwangwala woti timunamizire palibe. Pawindo la butchala patsala misomali yokha. A Ossie amamwa mowa wawo pakhonde la bala, kuyang'ana msewu wopanda wina woti amukuwize. Kale tinkaopa kuti a Clarrie adzabwera. Tsopano tikuopa kuti tsiku limenelo likadzafika, sipadzakhala munthu wodzavula chipewa pakhomo la holo yathu n'kunena kuti odi.

Mayi Merle amakwekwezabe thumba lawo Loweruka m'mawa. Akatsegula mawindo amayamba ayang'ana tsidya la msewu, kenako cha kudziwe. Masana kaseti ikayamba, otsalawo akamazungulira pang'onopang'ono pamatabwa oterera, iwo amaima pakhomo pamene anatambasula epuloni paja. Komiti sinakumaneponso pankhani ija. Koma pakati pa nyimbo ndi nyimbo, kaseti ikangoti zii, amamva munthu wozunguza chipewa m'manja akupempha motsitsa:

"Mundilole Loweruka limodzi, muli anthu, nyimbo ikulira. Chithunzi chimodzi chokha."