Mafunso a Aphunzitsi Pyo Phazi Lili M'mwamba

Kuno ku chilumba cha Wando, aliyense amene anaphunzira taikwondo, masewera omenya ndi mapazi aja, kwa malemu Aphunzitsi Pyo anafunapo kuwamenya tsiku lina. Vuto lawo linali limodzi: ankafunsa mafunso phazi lako lili m'mwamba. Akugwirira thabwa bwinobwino kuti uliswe, iwe wakoka mpweya, wanyamula mwendo, basi mkulu uja pakamwa yasa!

"Nkhuku zitatu ndi galu mmodzi, miyendo ingati?"

Wapolisi wina, chimunthu cha mimba, anayamba kuwerenga miyendoyo ataima ndi mwendo umodzi, n'kugwa chagada pamaso pa ana.

"Mukuchitira dala, Aphunzitsi!"

"Ee, dala. Iwe mtima uli nawo wochuluka, koma mutu unausiya mu chipewa chija. Dzuka, miyendo ndi khumi."

Iwo ankati anthu alipo mitundu iwiri. Amtima wapachala ankawafunsa masamu. Oganiza kwambiri ankawafunsa zochititsa manyazi. Mkulu wa sitolo ya mankhwala, amene ankayeza thabwa ndi maso mpaka ena kugona, anamufunsa kuti, "Unalira liti komaliza?" Munthu wamkulu ndi imvi zake anatsitsa mwendo, n'kukhala pansi kuyamba kufotokoza za galu wake amene anafa chaka chatha. Phunziro la tsikulo linathera pomwepo.

Ine zonsezi ndinkaseka, mpaka zinafika pa mwana wanga Dasom, wa zaka zisanu ndi zinayi. Bambo ake amagwira ntchito m'sitima zophera nsomba kutali, amabwera kamodzi pachaka, ndipo chichokereni iwo mwanayo anangoti zii. Kusukulu osalankhula, kunyumba "ee" ndi "ayi" basi. Malo okhawo amene ndinkamva mawu ake anali kwa a Pyo, akamakuwa ndi anzake. Koma mayeso a lamba wofiira anali atalephera kawiri. Ankaima patsogolo pa thabwa n'kumaganiza, kumaganiza, funso likabwera mwendo n'kufewa ngati chingwe. Atalephera kachiwiri anandiuza kuti, "Ndikalepheranso ndisiya." Mwana ameneyu sanena chinthu kawiri.

Ndinanyamula makeke a mpunga n'kukwera ku chipinda chawo chophunzitsira, pamwamba pa sitolo ya maukonde.

"Aphunzitsi, pa mayeso a Loweruka lokhali, chonde, mutseke pakamwa."

Anadya makeke atatu asanandiyankhe.

"Make Dasom, vulani nsapato."

"Ine ndabwera ndi dandaulo, sindinabwere kudzamenya matabwa."

"Mukuopa?"

Ine kuopa? Ndinayamba kukoka zingwe zolimapo ndere zodya m'nyanja ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, miyendo yanga si yamasewera. Ndinavula nsapato n'kuponya mwendo ndi mphamvu zanga zonse.

"Mwana wanu amamenya ndi mwendo uti?"

Sindinkadziwa. Phazi linapita kwina, chala chachikulu chinakapeza mzati. Ndinaona nyenyezi masana.

"Mwanayo ali ndi mutu wa anthu awiri, inu muli ndi mtima wa anthu awiri," iwo anatero akunyambita zala. "Ndikanatha, ndikanakuikani mumphika umodzi n'kutakasa."

"Ndibwezereni makeke anga."

"Ndadya."

Ndinabwerera ndikutsimphina, ndipo panjira ndinalumbira kuti awona ngati ine ndilibe mutu. Ndinaganiza sabata yonse. Loweruka la mayesolo linalinso tsiku lobadwa la Dasom. Kuno aliyense amadziwa kuti tsiku lobadwa silikhala tsiku lobadwa popanda msuzi wa ndere. Koma aliyense amadziwanso kuti sumwa msuzi wa ndere tsiku la mayeso, chifukwa ndere zimaterera, nawe umaterereka. Ndinayeza uku, ndinayeza uku, ngati mkulu wa mankhwala uja, n'kugamula kuti msuzi ayi. M'mawa ndinamuikira mpunga ndi keke yomata kuti amatirire pa mayeso. Dasom anayang'ana patebulo, anandiyang'ana ine, n'kuyamba kudya. Ine ndinadzitama mumtima kuti lero ndagwiritsa ntchito mutu.

Nthawi yake itakwana, a Pyo anagwira thabwa. Ine pa benchi ya makolo ndinkawaopseza ndi maso. Mwana ananyamula mwendo, wamanzere, ulendo uno ndinaonetsetsa. Mkulu uja pakamwa yasa!

"Dasom, wakwiyira ndani?"

"Amayi!"

Thabwa phwaa! Chidutswa china chinakagwera pa miyendo ya wapolisi uja. Anthu onse anatembenukira kwa ine.

"Sanandiphikire msuzi!" anakuwa mwanayo, misozi ili mbwembwembwe. "Ndipo amandikoka tsitsi akamandipesa! Ndipo ababa akaimba foni amandipatsa ikangotsala pang'ono kuduka!"

Chaka chathunthu ndinkapemphera kuti mwana wanga alankhule, koma sindinanene kuti alankhule pamaso pa tawuni yonse. Ndinkafuna pansi pang'ambike ndilowe.

A Pyo anamudikira amalize, kenako anamuonetsa thabwa losweka.

"Taona apa, pakati penipeni. Mkwiyo ndi umene waswa, koma mutu wako uja ndi umene unaloza. Usatayepo chimodzi. Tsopano werama." Atamumanga lamba anandiyang'ana ine. "Make Dasom, msuzi uja mukaphike wambiri, ndikubwera."

Ndipo anabweradi, osachita manyazi. Anamwa mbale zitatu, n'kunena kuti mchere wachepa.

Chisanu chitayamba a Pyo anagonekedwa m'chipatala. Ndinapita kukawaona nditakonzeka kuwakalipira chifukwa ankabisa mankhwala pansi pa pilo, koma ndinapeza munthu wochepa ngati mwana, manja aja amene ankagwira matabwa ali mafupa okhaokha. Ndinayamba kuwamwetsa phala, ndipo supuni ili m'mwamba anatsegula maso.

"Make Dasom, mwanayo akamaseka amabisa mano kapena ayi?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene chilichonse, iwo n'kugwedeza chala.

"Musayankhe. Kayang'aneni kaye."

Anamwalira Lachinayi, ndisanabwererenso.

Tsopano amene amaphunzitsa ndi mwana wa mchemwali wawo, munthu waulemu, wogwira thabwa ali chete. Ana amaswa matabwa bwinobwino, palibe amagwa chagada, palibe amalira. Ukamadutsa pa sitolo ya maukonde umangomva kuwerenga, imodzi, ziwiri, imodzi, ziwiri, ngati makina. Wapolisi uja anasiya, akuti kukuzizira m'chipindamo, ngakhale anaikamo mbaula yatsopano. Dasom sanasiye, ndipo kunyumba amalankhula mpaka makutu kuwawa.

Ine ndidakali okwiya nawo mkulu ameneyo. Ndinakayang'ana monga anandituma. Mwanayo sabisa mano, amaseka pakamwa ponse, mpata wa dzino loguluka uli poyera. Yankho ndili nalo, lolondola, kwa nthawi yoyamba, koma wondifunsa uja sanadikire.