Tsiku Limene Jenerale Anaba Phungu

Dilu inabadwa Lachisanu masana, pa tebulo la pakona, m'bala ina yomwe mipando yake inaiwala kalekale kuti inabadwa ndi miyendo inayi. Jenerale, munthu amene sanagwirepo mfuti ngakhale yachidole koma udindo anadzipatsa yekha, anandandalika mabotolo atatu.

"Ili ndi chitseko. Ili ndi mlembi. Ili ndi katundu."

"Bigi, katunduyo ndikumwa ine," anatero Mphepo, n'kulanda botolo lake. Dzinalo analipata ali mnyamata, agalu akumulephera. Masiku ano mimba inkafika pamalo mwiniwake akadali m'njira.

Nkhani inali yotere. Pamwamba pa shopu ya matayala panali ofesi ya uphungu wa pa intaneti. Anthu opanikizika maganizo, amene kunyumba alibe netiweki kapena alibe polirira, ankabwera kudzakhala m'tizipinda n'kumakambirana ndi phungu amene ali kutali. Tizipinda titatu, malaputopu atatu. Loweruka ikakwana 12 koloko, mlembi ankatsika kukadya.

"Mphindi zisanu, aise, talowa tatuluka," anatero Jenerale. "Zonse ndaganiza ine. Inu musaganize, mungadwale."

Maloko, katswiri wa zitseko, anagwedeza mutu ngati wamva zakuya.

Chimene Jenerale sananene n'chakuti kwake kunali kutazizira. Akazi ake anali atatha masabata atatu osamulankhula, ngakhale kungoti "mwandiponda". Sutikesi inali njo pafupi ndi chitseko, pamwamba pake kapepala: Lolemba ndikupita kwa achimwene. Koma Jenerale ankakhulupirira kuti palibe mkazi angasiye mwamuna wobwera ndi malaputopu atatu. Nzeru zimenezi anazitulukira yekha, popanda womuthandiza.

Loweruka mlembi anatsikadi, chikwama m'khwapa. Akuluakulu aja anakwera masitepe, Mphepo akupumira kawiri m'njira. Maloko anagwada pachitseko ndi timawaya take, thukuta kamukamu. Patatha mphindi khumi kunamveka khethe! Chitseko chinakhomeka. Mlembi anali atachisiya chosakhoma.

"Limeneli ndiye luso, bigi," anatero Maloko, akuyambiranso. "Si aliyense amatha mbali zonse ziwiri."

Mkati munali maluwa apulasitiki, mipando yofewa, ndi bokosi la matishu pa tebulo lililonse. Jenerale analowa m'kachipinda koyamba. Dzanja lili m'malere kuti atseke laputopu, sikirini inawala. Panaoneka mayi wa magalasi, wa imvi za apo ndi apo, cholembera m'manja.

"Takulandirani, bambo. Ndinu a hafu thwelofu?"

Jenerale anaponya maso kuchitseko. Kuthawa kukanaulula zonse. Anakhala pansi, n'kuvula chipewa.

"Ee, mayi. Ndine amene."

"Nanga awo?"

Maloko ndi Mphepo anali atasuzumira pakhomo, mutu pamwamba pa mutu, aliyense laputopu kumsana.

"Abale anga."

"Zimakoma abale akamaperekezana. Tandiuzani, bambo, mukumagona bwanji masiku ano?"

Chibadwire palibe anamufunsapo Jenerale funso limeneli. Apolisi ankafunsa komwe wagona, osati mmene wagonera.

"Sindikugona, mayi."

"Pitirizani."

Basitu, mpopi unatseguka. Anafotokoza za sutikesi, za kapepala, za mbale imene ankaipeza pa tebulo itavundikiridwa, yopanda ndi moni yemwe. Anafotokoza mmene amatsokomolera dala pabalaza kuti mwina afunsidwe ngati wadwala.

"Bigi, nthawi," ananong'ona Maloko.

"Pano timalankhula mmodzimmodzi," anatero phungu, osakweza mawu. "Mudikire nthawi yanu."

"Pepani, mayi."

Mphepo anali atayamba kale kusolola matishu. "Inenso apongozi anga amangonditchula kuti 'uja'," anatero. "Zaka khumi ndi ziwiri. Uja."

"Tifikako, bambo. Koma inu a chipewa, nkhani yanuyi imafuna mbali zonse ziwiri. Akazi anu sangabwere?"

"Kubwera sangabwere," anatero Jenerale. Kenako nkhope inawala, monga imachitira nthawi zonse tsoka likamayandikira. "Koma inu mungapite."

Ananyamula laputopu ili chitsegulire, manja awiri, ngati thireyi ya mazira. Kachipangizo ka netiweki kanali kobayidwa m'mbali mwake, choncho mayi aja sanaduke.

"Bigi, tsekani chinthucho!" anatero Maloko.

"Munthu akulankhula ndimutseke pakamwa? Unaleredwa kuti iwe?"

Anatsika masitepe, anadutsa pa matayala, analowa mumsewu dzuwa likuswa mtengo. Kutsogolo Jenerale ndi phungu wake, pambuyo Maloko akuyang'ana uku ndi uku, kumapeto Mphepo ndi bokosi la matishu, wefuwefu.

"Bambo, tikulowera kuti?" anafunsa phungu, amene tsopano ankaona mitambo ndi mphuno za Jenerale.

"Pompano, mayi. Tikhota pa sitolo ya mankhwala, kenako nyumba yachitatu, geti lobiriwira."

"Geti lobiriwira," anabwereza mayiwo, akulemba.

Jenerale anatembenukira anzake monyadira. "Mukuona? Munthu womvetsera mpaka kulemba!"

Anawapeza akazi ake akusita. Anaika laputopu pa tebulo, n'kuitembenuzira kwa iwo mwaulemu.

"Mayi, ine ndine phungu," anatero a pa sikirini. "Amuna anu akudandaula kuti simukuwalankhula."

Akazi aja anaimika simbi pang'onopang'ono. Anakoka mpando.

"Akudandaula? Iwowa? Mayi, muli ndi pepala lokwanira?"

Ndiye anayamba. Makatani amene bambowa anabweretsa pokumbukira tsiku la ukwati, aneba anawazindikira ali pawindo. Chikwama cha pa tsiku lobadwa, mwiniwake anakumana nacho pamzere wa kuchipatala, n'kutchula ndi zomwe zinali m'kathumba ka mkati. Nsapato zinabwera zokongola, zonse za kumanzere.

"Mphatso iliyonse imene amandipatsa ili ndi mwini wake! Ndikafunsa akuti, 'Usaganize, ungadwale.' Ndadwala, mayi. Ndadwala manyazi."

Jenerale anali atatsinzina, akumwetulira ngati akumvera nyimbo ya kale. Zimene zinkanenedwa sankazitsata bwino. Iye ankangomva mawu a akazi ake akudzaza nyumba.

Kugeti kunamveka kugogoda. Analowa apolisi awiri, pambuyo pawo mlembi, akutafunabe.

"Dikirani," anatero akazi aja, osacheuka n'komwe. "Sindinamalize."

Wapolisi wamkuluyo, amenenso anali munthu wapabanja, anavula chipewa n'kuima kukhoma. Anadikira mpaka nkhani ya ketulo yopanda chivundikiro inatha.

"Bambo," anatero phungu pomaliza, "zonse mwandiuza zija ndi chinsinsi, sindiuza munthu. Koma malaputopuwo ndi a ofesi."

Mphepo anakweza dzanja. "Mayi, nthawi yanga ija?"

"Mukaipeza kutsogoloko," anayankha wapolisi, akumulanda matishu.

Unyolo utalira m'manja mwa Jenerale, akazi ake anaimirira. Anamuyang'ana m'maso, koyamba pa masabata atatu.

"Bambo a ana."

"Mayi!"

"Lolemba sindipita."

Jenerale anatsala pang'ono kugwada.

"Ndipitirenji? Mukupita ndinu."

Anatuluka pageti chifuwa patsogolo, wapolisi mbali iyi, wapolisi mbali iyo, aneba atadzaza mumsewu. Pokwera galimoto anagunda Maloko ndi chigongono.

"Wamva, aise? Sakupita! Ndinati chiyani ine? Dilu yatheka."