Chiliza cha adada ku Misuku

Iyi ndiye sindiinena ngakhale nditamwa, koma lero imveni mundiseke.

Ku Blantyre ntchito yanga ndi ya makompyuta. Ndimalemba mapulogalamu ofananitsa mndandanda wakale ndi watsopano, kuti aone chomwe chalowa, chachoka kapena chasuntha. Amandilipira chifukwa cha zimenezi, musaiwale.

Nditapeza kangachepe, ndinapita kwathu ku Misuku kukamanga chiliza cha malemu adada. Mitanda yamatabwa inali itadyedwa ndi chiswe, manda onse ofanana. Amama anali ku Wenya kudwazika mng'ono wawo.

"Lindilira nize, ndibwere ndidzakulozere pomwe agona," anatero pafoni.

"Amama, no need! Chithunzi cha tsiku la maliro ndili nacho."

Ndinaima pamanda, foni m'manja, n'kumafananitsa chithunzi ndi mitumbira, umodziumodzi kuchokera pamtengo wa mkuyu. Panali mtumbira umodzi woonjezera. Ndinadziwa kuti ndi wa bambo aang'ono, a Yotamu, amene anamwalira ine ndili kutauni, maliro awo osabwerako. Watsopano amakhala kumapeto, ndinatero mumtima, n'kuwerenga kuchokera pamkuyu mpaka pa nambala ya adada ya pachithunzi. Simple!

A Yotamuwa anakangana ndi adada za munda wa khofi mpaka kufa osapatsana moni.

Amisiri anagwira ntchito yooneka. Matailosi akuda, dzina la adada lagolide, pansi pake "Munthu wamtendere". Ndinalira pamenepo, kulira kwenikweni.

Tsiku lovundukula, abale anadzaza, kwaya ikuimba. Atachotsa nsalu, nyimbo inafa pakamwa. Amama anakhala pansi mwadzidzidzi.

"Mwana iwe, awuso ali apo!" Analoza pomwe adada agona, kamtumbira kaudzu pambali, pomwe amisiri ankakandirapo simenti.

"Koma chithunzi..."

"Yotamu tinamuika pakati! Pambali pa agogo ako panali malo, kumapetoko ndi thanthwe!"

Thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Ndinalakalaka atandikumbira manda anga pomwepo. Adada, amene anagulitsa khofi wawo yense kuti ndiphunzire, ndinawasandutsa pokandira simenti.

Kenako a Nasilumbu, mkazi wamasiye wa a Yotamu, anabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, nandigwira manja onse awiri, misozi ili mbwembwembwe.

"Yewo chomene, mwana wane. Ife sitikanakwanitsa, taonga. Dzina lokha ndiye mwalakwitsa."

Abale anga, ngakhale kumanda anthu amalowerera pamzere.