Chimbalangondo Chimene Ndinachikiyira M'nyumba

Mayi anga anandichenjeza kalekale kuti, "Mwanawe, khomo losatseka limaitana mlendo amene sunam'phikire." Ndinawamvera zaka zonsezi, kupatula tsiku limodzi la mu Okutobala.

Mdzukulu wanga Tadala amayala mabedi kunyumba yogona alendo, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene nyanja imauma gwa ndi kuzizira. (Yathu ya Chilwa imauma ndi dzuwa, aliyense ndi zake.) Tsikulo anaimba foni yoonana nkhope nandilozetsa pawindo. Ndinaona zimbalangondo zoyera mbee, zazikulu ngati ng'ombe, zikuyendayenda mwaulesi, kudikira kuti madzi aundane zipite kukasaka.

"Agogo, kuno ambiri sakiya zitseko," anatero. "Wothawa chilombo amangolowa paliponse."

"Nanga akuba?"

"Nawonso amathawa chilombo chomwecho, agogo."

Mawuwo anandifewetsa mtima. Masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinasiya khomo pululu, ine amene ndimakiya ngakhale popita kuseri. Ndinagona pamphasa pafupi ndi lichero la mpunga wambewu, womwe ndinausankha kamodzikamodzi kuti ndikafese kusikimu ku Likangala. Kutali nyanja inkanyezimira. M'tulo ndinaiona itaundana, ine ndikuyenda pamwamba pake kupita kwa Tadala, mapazi akuzizira bwino.

Kenako mpweya wofunda unandiuzira m'khutu. Kutsegula diso limodzi, ubweya woyera!

Ndinatuluka ngati mtsikana. Manja anachita zimene anazolowera: loko khethe, kiyi pamfundo ya chitenje.

Anambewe, oyandikana nawo nyumba, anafika akuthamanga. "Kwagwanji, agogo?"

"Chimbalangondo!"

Anatchera khutu pachitseko. "Chimatafuna chonchi? Tandipatsani kiyiyo."

Kiyi wanga kupatsa munthu? (Anambewe ndi abwino, koma maso awo amawerenga mbale za eni.) Tinalimbana mpaka chilombocho chinayankha chokha m'katimo: "Meee!"

Inali mbuzi yoyera ya Anambewe omwewo. Ndikanasiya chitseko chotsegula, ikanathawa ndi kukuwa kwanga. Koma ndinaitsekera ndi mbewu yanga, ndipo inanyambita lichero mpaka mbee.

Anambewe anandigawira mbewu yawo, uku akupukuta misozi ya phwete. Ndinaiviika kaye m'madzi kuti ndione ngati si mankhusu okhaokha.

Tsopano ndimagona masana chitseko chili chokiya, m'nyumba muli ngati uvuni. Mukamadutsa kuno kwa Mwambo, dzandizondeniko ngati ndikupumabe. Koma muime patali, mutchule dzina lanu ndi la mayi anu.