Dzino la a Kaphwiti

M'mudzi wina, umene ngakhale mapu a boma anauiwala, munali bambo wachifundo, a Kaphwiti, amene ntchito yawo inali kudwalira anzawo. Njinga m'mudzimo inali yawo yokhayo, choncho munthu akadwala ankangowafotokozera pomwe pakupweteka. Iwo ankapalasa mpaka kuchipatala, kukabuula mwaluso, n'kubwerako ndi mankhwala. Zipatala zoyandikira ankazisinthasintha kuti nkhope isazolowereke.

Kenaka chitukuko chinafika. Zipatalazo zinalumikiza makompyuta awo, n'kuyamba kuuzana za odwala ngati amayi pamjigo.

Tsiku lina dzino linawagwira a Kaphwiti, lawolawo, ndipo linkaboola mpaka m'khutu. Kuchipatala anawalandira mayi Nagama, Mlembi Wamkulu wa Matenda Osungidwa M'makina, amene atadina dzina lawo anavula magalasi.

"Bambo, mwabwera ndi miyendo yanu? Apatu pakuti muli ndi shuga, mphumu, nyamakazi, likodzo ndi chikuku. Mwezi watha munalinso ndi mseru wa amayi oyembekezera."

"Amenewo ndi a anzanga, mayi. Langa ndi dzino basi."

"Dzinolo muno mulibe. Makina sanama."

Anawagoneka pompo. Madokotala a zipatala zonse anabwera kudzaona munthu wolimba ameneyu, aliyense atanyamula jakisoni wake. Nawo mudzi unalandira chikho cha Mudzi Wathanzi Koposa, poti chiyambire wodwala anali mmodzi yekha. Anthu anavina, ena akutsokomola.

A Kaphwiti anatulutsidwa atachira matenda onse a eni ake, tsaya lili lotupa ngati lomwe analowa nalo. Atatchulanso za dzino, mayi Nagama anawauza mwaulemu kuti gawo lawo la matenda a chaka chino latha, asiyireko ena.

Anafika kwawo mtima uli wowawa. Mwamwayi a Gositino, eni ake a nyamakazi ija, anamva chisoni.

"Mnzako akapsa ndevu m'zimire, achimwene. Bweretsani njingayo, lero ndikudwalireni ndine."

A Kaphwiti anawaphunzitsa bwino kagwiridwe ka tsaya ndi kabuulidwe kake, ndipo wophunzirayo anakakhoza kuposa mphunzitsi. Dzuwa litapendeka anatulukira ali ndi thonje m'kamwa, n'kutambasula dzanja monyadira. Munali dzino loyera, labwinobwino.

"Mapiritsi akuti atha, ndiye angozula," anatero a Gositino movutikira. "Nanga inu mukupezako bwanji?"