Zitsekerero za a Yotamu

Mu Bindura monse muno munalibe tchalitchi china chimene munthu ankalowa atafumbata chitsekerero cha botolo, koma chathu chokha cha ku Chipadze. Mwini nzeru imeneyi anali malemu a Yotamu, nkhalamba ya kwawo ku Dedza, imene inatha zaka makumi atatu pansi pa mgodi. Tonse tinkawatcha Sekuru, ndiye kuti agogo m'chinenero cha kuno.

Atapuma ntchito anafunitsitsa kutumikira Mulungu, koma pogwira pankasowa. Anayesa kwaya, mawu awo n'kuliza makanda onse, mpaka amayi anawapempha kuti aziimba chamumtima. Anayesa kulandira alendo, koma ankakumbatira munthu ngati akunyamula thumba la chimanga. Ndiye tsiku lina anangotulukira atavala chipewa chawo cholimba cha kumgodi, atasenza thabwa lodzaza misomali, msomali uliwonse ndi chitsekerero chake cha nambala.

Anatifotokozera kuti kumgodi munthu potsika amapachika nambala yake pathabwa, potuluka n'kuichotsa. Nambala ikatsala ndiye kuti mwini wake akadali pansi, ndipo palibe wophulitsa miyala. Kwa iwo sabata yonse inali pansi pa mgodi, Lamulungu ndiye tsiku lotuluka. Ukafika uchotse chako, popita kwanu uchibwezere.

Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma nkhalamba sinkachita nthabwala. Tsiku lina abusa enieniwo analowera khomo lakumbuyo n'kuyamba pemphero, a Yotamu anaimirira n'kulengeza kuti nambala wani sinatuluke. Abusa anatsika paguwa kukachotsa chitsekerero chawo, ife tili m'manja wawawa. Mlaliki wina wa ku Harare, wa suti yonyezimira, anakana kulandira nambala, ati dzina lake linalembedwa kale kumwamba.

"Kumwambako sindinafikeko, bambo," anatero a Yotamu. "Pano tengani 94."

Mapemphero akatha ankakwera njinga kukasaka eni zitsekerero zotsala. Takesure anakam'gwira akuonera mpira. Yeukai anakam'peza atagona ndi malungo, wopanda womutungira madzi, ndipo anamutungira okha. Wina anam'londola mpaka kumidzi ya ku Masembura, munthu atangopita kukakolola chimanga.

Ine nambala yanga inali 37. Nditatenga mimba, mwini mimbayo n'kuthawira ku Joni, manyazi anandigwira, ndinasiya kupita. Lamulungu lililonse masana belu la njinga linkalira pakhomo panga, ine n'kudzitsekera m'nyumba. Patatha miyezi isanu ndi itatu akuluakulu a mpingo anagwirizana zochotsa 37 kuti msomali apatse wina. Mnzanga Chido ndiye anadzandiuza kuti nkhalamba inaima kutsogolo kwa thabwa itatambasula manja.

"Aikona! Munthu akadali pansi, inu mufuna kuphulitsa?"

Lamulungu lotsatira ndinapita, mwana wanga Farai ali kumsana. Chitsekerero changa chinali pomwepo, chadzimbiri. Pansi pake anali atakhomapo kamsomali kakang'ono, kolendewera chitsekerero chatsopano cha mwanayo. Sindibisa, ndinalira pakhomo pomwepo anthu akuona. A Yotamu anangoti ndachedwa, shifiti yayamba kale.

Chifuwa cha fumbi la mumgodi chinawatenga chaka chatha, nyengo yozizira. Lamulungu loyamba titaika maliro aliyense anachotsa chake mwakachetechete, pathabwa n'kutsala chimodzi chokha, chawo. Womenya ng'oma anangogwira timitengo take. Abusa anazolika. Lamulo la kumgodi lija tonse tinkalidziwa, ndiye palibe analimba mtima kuyamba.

Ndinanyamuka ine, ndinakachichotsa pamsomali, n'kutembenukira mpingo.

"Sekuru atuluka," ndinatero.

Ng'oma inalira, tinaimba misozi ikutsika.

Thabwa lija ndimasamala ndine tsopano, njinga nayonso anandisiyira. Lamulungu masana ndikamazungulira m'Chipadze, ojomba amathawabe akamva belu, kenako amasuzumira pawindo pang'onopang'ono, kufunafuna chipewa chija.